Iran ndi America anasiyiranji kumwerana madzi?

Funso: Ndimatsatira nkhani za kunja pa wailesi ndi pa intaneti. Kawirikawiri ndimaona anthu a ku Iran akukuwa kuti "Imfa kwa America" uku akutentha mbendera. Koma mphwanga amene akuphunzira kunja akuti ali ndi anzake a ku Iran omwe abale awo amakhala ku America, ndipo sadana nawo anthu a kumeneko. Zoona n'ziti? Kodi ndi nkhondo ya chipembedzo? Nanga atsogoleri awo amalekeranji kungokhala pansi n'kukambirana? — Bambo wa ku Balaka

Yankho: Bambo, mphwanuyo sanakunamizeni, komanso zimene mumaona pa kanemazo si zopeka. Zonse ziwiri zimachitika m'dziko limodzi. Kuti zimveke tiyenera kusiyanitsa boma ndi anthu, kenako tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 70, chifukwa udani umenewu uli ndi masiku enieni omwe unayambira.

Ndiyambe ndi za chipembedzo, poti n'kumene ambiri amathamangira. Chipembedzo chilimo m'nkhaniyi, koma sindicho gwero. Saudi Arabia ndi dziko la Chisilamu la malamulo okhwima, komabe lakhala bwenzi la America kuyambira m'ma 1940. Iran nayo inali kale dziko la Asilamu a Chishiya m'ma 1970, pomwe inkagula ndege zankhondo za F-14 ku America, ndipo chakumapeto kwa zaka zimenezo ophunzira ochokera ku Iran ndiwo anali ochuluka m'mayunivesite a ku America kuposa a dziko lina lililonse lakunja. Kale kwambiri, amene ankadedwa ku Iran anali Britain ndi Russia, omwe mu 1907 anagawana dzikolo m'zigawo zoti aliyense azichitamo zofuna zake, eni ake osafunsidwa. America inkaoneka ngati mlendo wopanda dyera. Mumzinda wa Tabriz muli manda a Howard Baskerville, mphunzitsi wa ku America wa pasukulu ya mishoni, amene anaphedwa mu 1909 ali ndi zaka 24 akumenya nkhondo limodzi ndi anthu a mumzindawo omwe ankafuna kuti mfumu izilamulira motsatira malamulo. Mpaka pano amamulemekeza.

Chinasokoneza zinthu ndi mafuta. Kampani ya ku Britain ya Anglo-Iranian, imene pambuyo pake inadzakhala BP, ndiyo inkakumba ndi kuyenga mafuta a ku Iran. Fakitale yake ya ku Abadan inali yaikulu kuposa zonse pa dziko lapansi, koma boma la Britain linkapeza ndalama zambiri m'misonkho ya kampaniyo kuposa zimene eni nthaka ankalandira, ndipo antchito ambiri a ku Iran ankagona m'zisakasa. Mu 1950 Saudi Arabia inagwirizana ndi kampani ya ku America zogawana phindu pakati ndi pakati. A ku Britain anazengereza kuchita chimodzimodzi. Mu 1951 nyumba ya malamulo ya Iran inaika mafuta onse m'manja mwa boma, ndipo Mohammad Mosaddegh, amene anatsogolera nkhondo imeneyi, anakhala nduna yaikulu. Britain inatsekereza mafutawo kuti asagulidwe kulikonse, kenako inapempha America kuti athandizane kum'chotsa. Pulezidenti Truman anakana. Eisenhower atalowa mu 1953 anavomera, poopa kuti Iran, yomwe inali m'malire ndi Soviet Union, ingagwe m'manja mwa achikomyunizimu.

Ntchitoyo inagwiridwa ndi mabungwe a akazitape a CIA ya ku America ndi MI6 ya ku Britain, ndipo ku Tehran ankaiyendetsa ndi Kermit Roosevelt, mdzukulu wa pulezidenti wakale Theodore Roosevelt. Anagula anyuzipepala, anagula akuluakulu ena a asilikali, analipira magulu a anyamata kuti achite zipolowe m'misewu. Ulendo woyamba zinakanika, mfumu Mohammad Reza Pahlavi, yomwe amaitcha Shah, inathawira ku Baghdad mpaka ku Rome. Pa 19 Ogasiti 1953 zinatheka. Mosaddegh anakhala m'ndende zaka zitatu, kenako anam'tsekera pakhomo pake kumudzi wa Ahmadabad mpaka anamwalira mu 1967. Makampani a ku America anapatsidwa magawo 40 pa 100 alionse m'gulu latsopano logulitsa mafutawo. Chilungamo chake n'chakuti si alendo okha anagwetsa Mosaddegh. Akuluakulu ena a chipembedzo, monga Ayatollah Kashani, anali atam'tembenukira kale, ndipo mashehe amene anadzalamulira pambuyo pake sanali okonda munthuyu. Koma ana a sukulu ku Iran amakula akudziwa tsiku limeneli, pomwe ku America ambiri sanalimvepo. CIA inadzavomera poyera mbali yake mu 2013, patatha zaka 60.

Kwa zaka 25 zotsatira, Shah anali mwana wokondedwa wa Washington. Anamanga misewu ndi mafakitale, anagawa minda, analola amayi kuvota mu 1963. Analinso ndi apolisi achinsinsi a SAVAK, omwe anakhazikitsidwa mu 1957 mothandizidwa ndi CIA, amene ankazunza otsutsa m'ndende. Mu 1964 kunabwera lamulo loti asilikali a ku America ndi mabanja awo asamazengedwe milandu m'makhoti a ku Iran. Shehe wina wa ku Qom, Ruhollah Khomeini, analalikira kuti lamuloli laika munthu wa ku Iran pansi pa galu wa ku America: wogunda galu wa mlendoyo aimbidwa mlandu, koma wophika wa mlendoyo akagunda ngakhale mfumu, palibe womukhudza. Anam'pirikitsa m'dziko chifukwa cha ulaliki umenewo, nakhala kunja zaka zoposa 14, makamaka ku Najaf m'dziko la Iraq. Usiku wa pa 31 Disembala 1977, Pulezidenti Carter ali ku Tehran anayamikira Iran kuti ndi chilumba cha bata pakati pa chigawo cha mavuto. Patangotha chaka ndi masabata awiri, pa 16 Januwale 1979, anthu atamuukira, Shah anachoka m'dzikolo osadzabwereranso, ndipo pa 1 Febuluwale Khomeini anatsika ndege ku Tehran.

Tsopano tafika pa bala la anthu a ku America. Mu Okutobala 1979 Carter analola Shah kulowa ku New York kukalandira chithandizo cha khansa. Ku Tehran anthu sanaone wodwala. Anaona 1953 ikubwereranso: mfumu yathawa, America yailandira, mawa aibweza pampando. Pa 4 Novembala ophunzira anakwera mpanda wa ofesi ya kazembe wa America n'kugwira anthu omwe anali mkati. Ena anawamasula msanga, makamaka amayi ndi anthu akuda, koma 52 anasungidwa masiku 444. Anthu a ku America ankaona pa kanema abale awo atamangidwa nsalu m'maso akuonetsedwa ku gulu lokuwa. Carter anathetsa ubale wa ukazembe pa 7 Epulo 1980, ndipo m'mwezi womwewo asilikali 8 anafa m'chipululu cha kufupi ndi Tabas pomwe ndege zawo zinawombana pa ulendo wokapulumutsa ogwidwawo. Anadzamasulidwa pa 20 Januwale 1981, tsiku lomwe Reagan ankalumbira kukhala pulezidenti, dziko la Algeria litakhala mkhalapakati.

Pano ndinene maganizo anga mosabisa. Kugwira akazembe kunali kulakwa kwakukulu, ngakhale mantha a ophunzirawo anali ndi pochokera. Nthumwi sigwidwa, ndipo lamulo limeneli ndi lomwe limapangitsa kuti adani athe kulankhulana. Komanso ntchito yaikulu ya kugwira kuja inali ya m'kati mwa Iran momwemo. Nduna yaikulu Mehdi Bazargan, munthu wopemphera koma wofuna kukhala bwino ndi mayiko akunja, anatula pansi udindo patangotha masiku awiri. Amene anagwetsa Shah anali osakanikirana: mashehe, amalonda a m'misika, achikomyunizimu, ophunzira, okonda Mosaddegh. M'masiku 444 amenewo gulu la Khomeini linakankhira kunja ena onse, aliyense wotsutsa n'kumatchedwa kazitape wa America. Kuyambira pamenepo, kudana ndi America kunakhala mzati umodzi wa nyumba ya boma limeneli, ndipo wogwedeza mzatiwo amaoneka ngati akufuna kugwetsa nyumba yonse.

Zaka za m'ma 1980 zinangothira mchere pa mabala onse awiri. Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, analowa ndi asilikali ake m'dziko la Iran mu Sepitembala 1980, nkhondo n'kutenga zaka 8 ndi miyoyo ya anthu mazanamazana a zikwi. America inkapatsa Iraq nkhani za ukazitape pomwe Saddam ankaponya mpweya wa poizoni pa asilikali a Iran ndi pa anthu wamba a m'tauni ya Sardasht. Pa 3 Julayi 1988 sitima yankhondo ya America, Vincennes, inagwetsa ndege ya Iran Air yopita ku Dubai n'kupha anthu onse 290, mwa iwo ana 66. America inati inaiyesa ndege yankhondo, inadzalipira mabanja madola 61.8 miliyoni mu 1996, koma sinavomere mlandu. A ku America nawo ali ndi maliro awo: asilikali 241 omwe anafa ndi bomba ku Beirut mu Okutobala 1983, lomwe amati linaphulitsidwa ndi gulu lothandizidwa ndi Iran, ndi ena ambiri amene anaphedwa ku Iraq pambuyo pa 2003 ndi magulu omwe Tehran inkapatsa zida. Paja amati mlandu suwola. Vuto la awiriwa n'lakuti aliyense amayamba kuwerenga mlandu pa tsiku lomwe analakwiridwa iye.

Pa funso lanu lomaliza, loti amalekeranji kukhala pansi, yankho n'lakuti akhalapo pansi kangapo. Koma muyenera kudziwa mmene mphamvu zilili ku Tehran. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu zaka zinayi zilizonse, ndipo kuli nyumba ya malamulo ya aphungu 290, mmene muli ngakhale mipando isanu ya Akhristu, Ayuda ndi achipembedzo chakale cha Zoroaster. Pamwamba pa onsewa pali Mtsogoleri Wamkulu, shehe wosankhidwa ndi bwalo la mashehe 88, wopanda malire a zaka. Khomeini atamwalira mu 1989 mpandowu anautenga Ali Khamenei. Mtsogoleriyu ndiye mwini asilikali, ndiye amasankha mkulu wa makhoti ndi mkulu wa wailesi ndi kanema wa boma, ndiye amanena mawu omaliza pa nkhani za America ndi za nyukiliya. Palinso bwalo la anthu 12, theka osankhidwa ndi iye mwachindunji, limene limasefa ofuna kuimira pa chisankho. Mu 2021 analembetsa anthu pafupifupi 600 kuti apikisane pa upulezidenti, ovomerezedwa anali 7 okha, ndipo mayi sanavomerezedwepo n'kale lomwe. Kumbali kuli asilikali a Pasdaran, osiyana ndi asilikali wamba, omwe ali ndi mizinga, makampani a zomangamanga ndi magulu othandizana nawo ku Lebanon, Iraq ndi Yemen. Choncho nduna imene mumaiona ikugwirana chanza ndi azungu ku Vienna si imene ili ndi kiyi.

Taonani za Mohammad Khatami, amene anapambana upulezidenti wa Iran mu 1997 anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse atavota. Mu Januwale 1998 analankhula pa CNN kupempha kuti anthu a mayiko awiriwa ayambe kuyenderana. Mwezi wotsatira anyamata a masewero ogwetsana a ku America anafika ku Tehran, kumene masewerowa ndi a fuko, ndipo anawaombera m'manja. Pa 21 Juni chaka chomwecho, ku Lyon pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse, osewera a Iran anapereka maluwa oyera kwa anzawo a ku America, matimu onse n'kujambulitsa atasakanikirana, Iran n'kupambana 2-1. Ndege zitagunda nyumba ku New York pa 11 Sepitembala 2001, achinyamata a ku Tehran anayatsa makandulo m'misewu kulira nawo malirowo, ndipo ku Bonn m'dziko la Germany nthumwi za Iran zinathandiza America kukonza boma latsopano la Afghanistan. Patangotha masabata ochepa, mu Januwale 2002, George W. Bush anaika Iran m'gulu la mayiko atatu oipa pamodzi ndi Iraq ndi North Korea. Otsutsana ndi Khatami kwawo sanafunikenso kufotokoza zambiri.

Chitsanzo chachikulu ndi cha nyukiliya. N'zodabwitsa kuti makina oyamba a nyukiliya a ku Tehran anachokera ku America mu 1967. Nkhani yake yagona pa kuyenga yureniyamu. Miyala ngati ya ku Kayelekera ku Karonga ikakumbidwa, gawo la yureniyamu lomwe limayaka silikwana n'komwe 1 pa 100. Amaizunguza m'makina othamanga kwambiri kuti gawolo lichuluke. Likafika pa 3 mpaka 5 peresenti limapanga magetsi, likafika cha m'ma 90 peresenti limapanga bomba, ndipo makina ake ndi omwewo. Iran imati ikufuna magetsi ndi mankhwala, koma malo ake a ku Natanz anaululidwa ndi ena mu 2002, ndipo a ku Fordow, okumbidwa pansi pa phiri, mu 2009. Kubisa kumeneku ndiko kunachititsa kuti mayiko ena asaikhulupirire. Atakambirana mobisa ku Oman, kenako poyera, pa 14 Julayi 2015 Iran inagwirizana ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China kuti isapyole 3.67 peresenti, isasunge makilogalamu oposa 300, ndiponso ilole oyendera a IAEA, bungwe la mayiko loona za nyukiliya, kulowa m'malo ake. Mphoto yake inali kuchotseredwa ziletso za malonda. Oyenderawo ananena mobwerezabwereza kuti Iran ikusunga pangano.

Apa m'pamene America nayo inaonetsa kuti wosainira si mwini mawu omaliza. Obama sanapititse panganolo ku nyumba ya malamulo ya Senate kuti likhale lamulo lomanga olowa m'malo mwake, chifukwa mavoti sakanakwana. Pa 8 Meyi 2018 Donald Trump analisiya, ponena kuti silikhudza mizinga ya Iran ndi magulu ake a zida, komanso kuti malire ake ena adzatha pakapita zaka. Madandaulo amenewo si opanda pake. Koma zotsatira zake zinaoneka: ziletso zinabwerera, Iran inayamba kupyola malire chaka chotsatira, mu Januwale 2020 America inapha mkulu wa asilikali Qasem Soleimani pabwalo la ndege la Baghdad, ndipo mu 2021 Iran inafika pa 60 peresenti. Pulezidenti wa Iran pa nthawiyo, Hassan Rouhani, ndi nduna yake ya za kunja Javad Zarif, amene anaika mbiri yawo yonse pa panganolo, anasanduka osekedwa kwawo.

Nanga anthu wamba aja mphwanu wakumana nawo? Choyamba, ambiri a ku Iran si Aluya. Amalankhula Chiperisiya, ena Chiazeri, Chikurdi ndi zilankhulo zina, ndipo amanyadira mbiri ya zaka zoposa 2,500. Chikondwerero chawo chachikulu, Nowruz, n'chakale kuposa Chisilamu: cha pa 20 kapena 21 Malichi banja limasesa nyumba yonse, limayala tebulo la zinthu zisanu ndi ziwiri monga tirigu womera, adyo ndi apozi, ndiye masiku 13 akuyendera akuluakulu. Mlendo amam'patsa ulemu waukulu. Ali ndi mwambo wotchedwa taarof: woyendetsa takisi mukafika amakana ndalama kuti si kanthu, inu muyenera kuumirira kawiri katatu mpaka alandire, ndipo pakhomo anthu amaima kukankhirana kuti alowe ndi mnzawo poyamba. Mlendo wa ku America amalandiridwa ndi tiyi yemweyo. Mabanja ambiri ali ndi wachibale ku California, moti Los Angeles amaitcha Tehrangeles.

Kukuwa kuja kumachitika makamaka pa mapemphero a Lachisanu oyendetsedwa ndi boma ndi pa misonkhano ya pa 4 Novembala ndi 11 Febuluwale (tsiku lokumbukira kugwa kwa ufumu wa Shah), kumene ana a sukulu ndi antchito a boma amatengedwa pa mabasi. Alipo okuwa ndi mtima wonse, makamaka mabanja amene anataya ana pa nkhondo ya Iraq, ndipo kwa Mshiya wopemphera nkhani ya Imam Husayn, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, amene anaphedwa ku Karbala mu 680 pokana kugonjera wolamulira wankhanza, imapereka chilankhulo chofotokozera kulimbana ndi wamphamvu. Apa ndi pamene chipembedzo chimalowera. Koma misewu yomweyo yaonanso magulu ena: mu 2009 otsutsa zotsatira za chisankho, mu Novembala 2019 okwiya ndi kukwera kwa mafuta omwe anawomberedwa mazanamazana, ndi mu 2022 Mahsa Amini, mtsikana wa zaka 22, atafera m'manja mwa apolisi omwe anam'gwira chifukwa cha mavalidwe a mpango wa kumutu. Atsikana anavula mipango n'kumaimba kuti "Mkazi, moyo, ufulu", ndipo ena mwa anyamata ogwidwa ananyongedwa. Pa chisankho cha 2024 ovota pa ulendo woyamba anali pafupifupi 40 pa 100 okha.

Musaganize tsono kuti wotopa ndi mashehe ndiye kuti akufuna mabomba a America. Ziletso zimagwera iyeyo. Mu 2015 dola imodzi inkagulidwa ndi ndalama za rial zosakwana 40,000, mu 2025 inapyola 1 miliyoni, ndipo ife odziwa kugwa kwa kwacha tikudziwa zimene zimachitika pamsika zikatero. Mankhwala saletsedwa pa pepala, koma mabanki akunja amaopa kukhudza ndalama za Iran, ndiye odwala khansa amasowa mankhwala, pomwe a Pasdaran, eni njira zozembetsera katundu, amalemera. Munthu yemweyo akhoza kudana ndi boma lake, kukonda nyimbo ndi masukulu a ku America, n'kukhalabe wokwiya ndi 1953 ndi ndege ya 1988.

Popanda akazembe, awiriwa akhala akulankhulana kudzera mwa ena. Kuyambira 1980 Switzerland ndiyo yakhala ikunyamula makalata a America ku Tehran, ndipo zofuna za Iran ku Washington zimadzera ku ofesi ya kazembe wa Pakistan. Mu Epulo 2025 anayambanso kukambirana, Oman ili mkhalapakati: Abbas Araghchi wa Iran m'chipinda china, Steve Witkoff wa America m'chipinda china, nduna ya Oman ikuyenda pakati kunyamula mawu. Anakumana maulendo asanu, akukanganirana pa mfundo imodzi, ngati Iran iloledwe kuyenga yureniyamu pa nthaka yake kapena ayi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi unakonzedwa pa 15 Juni. Pa 13 Juni Israel inayamba kuphulitsa Iran, pa 22 Juni ndege za America zinaponya mabomba ku Fordow ndi Natanz, mizinga n'kugwa ku Isfahan, ndipo Iran inabwezera poombera malo a asilikali a America a Al Udeid ku Qatar. Nkhondoyo itaima pa 24 Juni, nyumba ya malamulo ya Iran inavotera kuimitsa mgwirizano ndi oyendera a IAEA, amene anali maso okhawo a dziko lapansi m'malo amenewo.